Madisiki Khumi ndi Awiri a Ida

Lolemba, 5 Ogasiti 2013

Chiperoni chiyambire m'mawa. Phiri la Bangwe losaoneka. Mwendo wamanzerewu ngati wobwereka.

Kope ili ndi lamulo la adokotala. Akuti munthu akagwa ndi sitiroko zinthu zimathawa m'mutu, ndiye muzilemba madala, chilichonse. Ine kulemba! Ine amene m'kalasi sindinapondemo. Zilembo anachita kundiphunzitsa mwana wanga Ida pa katoni ya sopo, ndili ndi imvi kale. Zaka makumi atatu ndinadya ndi pakamwa. Sitima ya ku Limbe mpaka ku Nsanje, m'manja dengu la masingano ndi mazira owiritsa, pakamwa nthano. Ndikafika pokoma, kusiya. Wofuna mapeto agule dzira. Anthu ankapitirira siteshoni ya kwawo chifukwa cha ine Onesimo Zuze. Lero akuti ndizilemba kuti ndamwa mapilitsi.

Ndamwa. Awiri.

Dzulo kunabwera Sophie, mdzukulu wanga, mwana wa malemu Ida. Chinkhoswe chake pa 31. Akuti, "Agogo, mphatso sindikufuna. Mudzangonena ya ng'oma ija, ndi nyimbo yake. Amayi ankaikonda, ine mawu ake ndinaiwala." Ine pakamwa changu: "Imeneyo? Ndingaimbe ndili m'tulo."

Atapita ndinayesa. Nthano ilipo yonse. Munthu anakwirira ng'oma yake kuopa asilikali a Apwitikizi, iye nkugwidwa kupita kuthangata, ng'oma nkuyamba kulira yokha pansi pa nthaka. Ndinafika pamene ng'oma iyamba kuimba. Zii. Ngati pozuka dzino, lilime kumangopita pa mpata.

Sindinauze munthu.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Ndayesa ndikuyenda. Ndayesa ndikusamba. Ndayesa kugogoda pa ndowa kuti mwina manja akumbutsa mutu. Amayi a nyumba ya kuseri kufuula kuti ndowayo ndi ya tonse.

Masana ndinagona pansi kufuna silipasi kunsi kwa bedi, dzanja nkugunda chitini cha mabisiketi. Madisiki a Ida! Khumi ndi awiri, tinthu takuda tamakona anayi ngati mabisiketi omwewo, tomanga ndi mphira.

Ndilembe mmene anabwerera, ndingaiwalenso. Njanji itakokoloka ku Chiromo ntchito yanga inafa. Ndinkangokhala pakhonde, kukangana ndi nkhuku. Ida nthawi imeneyo taipisiti pa kampani ina ya malole ku Limbe, inatsekedwa kalekale. Mu 1998 anayamba kunditenga Loweruka masana bwana akachoka. Ine pa mpando wozungulira, iye pa kompyuta. Ine kulankhula, iye kugogoda. "Bambo, pang'onopang'ono, zala zanga si sitima." Ndipo ankati, "Pepala limadyedwa ndi chiswe, izi sizidzaola."

Anaola ndi iye. 2002, mwezi wa mvula.

Pa disiki iliyonse kapepala, dzanja lake lopendekera lija. Yachisanu ndi chiwiri: NG'OMA. Ndiye kuti nyimbo ili mmenemu. Ndaiika pakhutu ngati chitsiru.

Loweruka, 10 Ogasiti

Ku Limbe. Minibasi kondakitala kundipanikiza ngati thumba la makala, ndodo yanga pamiyendo ya anthu.

Malo oyamba, a intaneti pafupi ndi depoti. Mayi wa pa kauntala anaitembenuza disiki uku ndi uku, nkuitana anzake adzaone. "Agogo, izi ndi za nthawi ya Nowa. Makompyuta a masiku ano alibe bowo lake." Anaseka mpaka kudzipepesa nayo disikiyo ngati kukutentha. Ndinamulanda. Malo achiwiri chimodzimodzi. Achitatu anandifunsa ngati ndikugulitsa chitinicho.

Alibe bowo lake. Ndiye munthu upange nkhokwe, uikemo chimanga cha anthu, kenako umate khomo, uti tapita patsogolo? Chitukuko chake chimenechi?

Mlonda wina ndiye anandilozera kwa Che Hamis, njira yopita ku Chinyonga. Kontena yabuluu. M'kati mitembo ya makompyuta mpaka kudenga, fungo la waya wopserera. Mwiniwake wadazi, zaka ngati makumi anayi ndi zisanu, magalasi omanga ndi ulusi. Sanaseke. Anagwira disiki m'mbali ndi zala ziwiri ngati dzira. "A Zuze, izi ndinaziona komaliza ndili ndi tsitsi."

Pansi pa tebulo pali chikompyuta chakale chachikasu, amaikapo ketulo. Chimenecho bowo chili nalo. Akuti achidzutsa. Ndibwere Lachiwiri.

Sindinamuuze chimene ndikufuna. Ndinangoti nkhani za m'banja.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Chadzuka chikompyuta cha ketulo. Kulira ngati chigayo cha dizilo.

Disiki yoyamba kulowa. Go go go. Go go go. Kukana. Yachiwiri kukana. Che Hamis anakankha kachitsulo ka pamwamba, kuunika ndi tochi. Chuku. Mvula khumi ndi zisanu za ku Bangwe, nyumba yodontha, ine nkumati ndasunga bwino. Anang'amba chikuto ndi lezala, m'kati kutuluka kanthu kozungulira, kofiirira, kopyapyala. Chikopa cha ng'oma chenicheni, koma cha ng'oma ya mbewa. Kupukuta ndi thonje la sipiriti pang'onopang'ono, kuyanika, kubwezera m'chikuto china.

Anandifotokozera, ndilembe mmene ndamvera. Chakalecho chimatha kuwerenga disiki, koma chilibe polowetsa fulashi, kanthu kaja anthu amasungiramo zinthu masiku ano. Chatsopano chili ndi polowetsa fulashi, koma disiki sichiidziwa. Agogo ndi mdzukulu, wina alankhula Chisena chokhachokha, wina Chizungu. Ndiye pafunika chingwe pakati, ndi pulogalamu yoti ziwirizo zimvane, ina kupereka ina kulandira. Ndinati ndiye nkhoswe imeneyo. Anaseka koyamba. "Nkhoswe yeniyeni, a Zuze. Ikalakwitsa liwu limodzi ukwati watha."

Akutinso disiki yodwala suiwerenga kawirikawiri. Umakokolola zonse kamodzi, zabwino ndi zoipa, chifukwa mwina sidzalolanso. Nchifukwa chake ya NG'OMA akuti ikhale yomaliza, aphunzirire pa zinazi. Ndinafuna kukuwa kuti zinazo tayani. Ndinangoti chabwino.

Zinayi zafa lero. Zafa basi. Pa imodzi panalembedwa MKAZI WA MCHERE. Imeneyo ndikuikumbukira theka.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Magetsi kulibe chiyambire m'mawa. Atabwera, Che Hamis watseka, wapita kumzikiti. Atabwerako, athimanso. Tsiku lonse pa benchi, ine ndi chitini. Anthu kudutsa ndi zingwe m'makutu, aliyense nyimbo yake, palibe wovomera mnzake. Wina anandiponyera kandalama kachitsulo kuyesa ndikupempha. Ndinakasiya pomwepo.

Madzulo Sophie ndi mndandanda wa oitanidwa. "Agogo a Monika tiwauze liti?" Ndinati Maselema ndi kutali. Maselema, pafupi ndi Limbe pomwepa! Mwana anangondiyang'ana.

Ndilembe, poti kope silinena. A Monika ndi achemwali anga, mimba imodzi, iwo oyamba. Anamlera Ida ngati wawo, poti awoawo Mulungu sanawapatse. Ida atamwalira anati maliro apite kwathu ku Nsanje, akagone pafupi ndi amayi. Ine ndinati agona kuno. Galimoto ndikanaitenga kuti? Koma sindinanene zimenezo. Iwo anati, "Wataya mwana pakati pa alendo." Ine, pamaso pa anthu onse a pamaliro: "Inu munaberekapo ndani kuti mudziwe potaya mwana?"

Pakamwa pa m'sitima. Kuyankha mwachangu kuti anthu amve kukoma. Palibe anaseka. Anamanga chitenje chawo, osadikira ndi chakudya chomwe. Zaka khumi ndi chimodzi. Amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga sunachite kunditsata. Ndimagona nawo.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Misa yoyamba. Nyimbo za kwaya ndaimba zonse, mutu mpaka mchira, ngakhale za Chilatini zimene sindidziwa tanthauzo. Zimenezo sitiroko sinazikhudze. Inasankha bwino. Inasiya za Mwini wake, nkutenga yanga.

Ndinafuna kukalapa maganizo amenewa. Mzere unali wautali, mwendo ukupweteka.

A Obed, akatekisiti, pakhomo la tchalitchi: "Tamva kuti pa 31 mutigwetsa ndi ya ng'oma ija." Sophie walengeza. Bangwe yense akudziwa. Akubwera mpaka a kuchimuna ochokera ku Chilomoni, auzidwa kuti agogo a mkwatibwi ndi katswiri.

Mapilitsi ndaiwala. Kapena ndamwa. Sindikudziwa.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Nkhoswe yagwira ntchito. Ndinaona ndi maso anga. Chingwe chotuwa kuchoka kumsana kwa chakale kupita kwa chatsopano, pa galasi kamzere kobiriwira kakukula pang'onopang'ono ngati nyongolotsi. Kakaima, mtima wanga kuima. Che Hamis chala pakamwa, asagwedeze tebulo munthu. Madisiki asanu ndi awiri aoloka.

Kutsegula. Zinyalala zokhazokha! Timabokosi, timitanda, tinkhope, ngati nkhuku zapalasa pa galasi. Ndinati basi, Ida anandinamiza. Che Hamis akuti ayi, mawu alimo, koma anawalemba ndi pulogalamu yakale imene makompyuta a lero anaiiwala. Pafunikanso ina yomasulira, aifuna pa intaneti. Nkhoswe pamwamba pa nkhoswe. Ukwati wa mavuto.

Ndinamufunsa kuti nanga za mu fulashizo zidzakhala mpaka liti. Anakanda dazi. "Mpaka adzatseke bowo linalo." Ndiye kuti munthu uzingosamutsa katundu moyo wako wonse ngati wa lendi.

Amayi anga sanasamutse kanthu. Ankanena nthano akupalira thonje, ife pambuyo pawo kuvomera, basi zalowa. Ndinkati zimenezo ndiye zolimba. Lero zonse ziwiri zandigwetsa, mutu ndi makina.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Zatseguka!

Mizere yoyera bwino, Chichewa chenicheni. Maso anga sawerenga pa galasi, ndiye anawerenga Che Hamis, ya mlonda amene anagulitsa mthunzi wake. Mawu anga, m'kamwa mwa Myao. Ndi "eee" wanga yemwe, ndi "ndikuuzeni abale" wanga. Mwana uja sanasiye kanthu. Pena analemba: "Apa bambo atsokomola." Pena: "Apa bambo aseka okha, nthabwala sanainene." Che Hamis anaseka mpaka kuvula magalasi. Anthu awiri odzatenga mafoni awo anakhala pa benchi osachoka. Mmodzi: "Ndiye zinatha bwanji?" Ndinatsala pang'ono kunena kuti gulani dzira.

Ida analipo m'kontenamo. Ndikanatembenuka ndikanamuona, pensulo kukhutu.

Ndinatuluka kukaima kuseri. Fumbi la Ogasiti limalowa m'maso.

Ya NG'OMA Lolemba. Yapukutidwa kale, ikuuma.

Lolemba, 26 Ogasiti

Sindikufuna kulemba. Ndilemba.

Inalowa. Go go, kenako phee, kuwerenga bwinobwino. Che Hamis akuti mwa zonse imeneyi ndiye yaukhondo, ngati yagulidwa dzulo. Kamzere kobiriwira mpaka kumapeto osaima. Kutsegula. Anayamba kuwerenga. Munthu, ng'oma, asilikali, dzenje pansi pa mgwalangwa. Ine kugwira ndodo ndi manja awiri. Ng'oma iyamba kulira pansi.

Anaima. Ndinati pitirizani. Anawerenga, ndipo ndamuuza andipulintire, pepala ndi ili, ndikukopera chilembo ndi chilembo:

"Apa bambo aimba. Azakhali a Monika abwera ndi chinangwa, avomera. Bambo akuti nyimbo ndisalembe, anthu angawabere. Akuti nthano aliyense atha kunena, ndalama ili pa nyimbo. Akuti ili m'mutu, m'mutu simulowa chiswe."

Pansi pake nthano ikupitirira.

Ndinati fufuzani pena, ng'oma imaimba katatu. Kachiwiri: "Apa bambo aimbanso." Kachitatu: "Apanso." Ndinati tsegulani zinazo. Zonse. Paliponse pa nyimbo, mpata. Che Hamis anati pali pulogalamu yofukula zimene munthu anafufuta, ayese? Anayesa. Sanafufute kanthu Ida. Sanalembe. Anamvera bambo ake.

Ndakumbukira tsopano, izi zokha ndiye mutu wabweza, kundinyoza. Tsiku lija Ida ndinamugwira dzanja pa makinawo. Anati, "Bambo, akuberani ndani, njanji inapita ndi madzi?" Ndinati iwe sudziwa malonda.

Masabata awiri ndakhala ndikutukwana opanga makompyuta, chuku, magetsi, mayi wa pa kauntala uja. Womata nkhokwe ndi ine.

Che Hamis anandipatsa fulashi pa kachingwe, kundiveka m'khosi. Nthano makumi awiri ndi zitatu, zonse zopanda nyimbo. Ndiwo zopanda mchere. Potuluka anati, "A Zuze, makina apereka zimene anapatsidwa. Koma pepalali latchula munthu. Alipo?"

Ndinanyamula chitini changa nkumapita.

Lachiwiri, 27 Ogasiti

Sindinatuluke. Sophie anagogoda, ndinati ndili ndi chimfine. Akuti abwera Lachisanu kudzachapa shati yanga yoyera.

Masiku anayi.

Ndingapeke nyimbo ina. Ndani adziwe? Ndayesa. Zotuluka ngati nyimbo zotsatsa sopo pa wailesi.

Lachinayi, 29 Ogasiti

Ndapita ku Maselema.

Nyumba yomweyo, chitseko china. Iwo pakhonde, akupanga timilu ta makala togulitsa. Achepa. Tsitsi lonse mbuu. Anandiona ndili patali, sanasiye makala. Ndinaima, chipewa m'manja. Ndinati odi. Anati, "Wamwalira ndani?"

Ndinati palibe. "Ndiye pakamwa paja pabwera kudzamaliza?"

Mawu ndinakonza m'minibasi, abwino, okhala ndi miyambi iwiri. Onse anathawa. Ndinangotulutsa pepala nkuwerenga, movutikira, chala pa mzere. Pa "abwera ndi chinangwa" manja awo anaima. Ndinati achemwali, nyimbo yandithawa, mwana wa Ida akuifuna Loweruka. Ndinatinso zija ndinanena pamaliro. Anakweza dzanja lakuda ndi makala. "Zimenezo usazigwire. Unanena, ndinamva. Khala pansi."

Mpando sanandipatse. Njerwa.

Anati yamba. Ndinayamba, masana dzuwa lili pamutu, pakati pa makala, ana a eni ake kusuzumira. Ndinafika pa ng'oma. Chete. Iwo anadikira kanthawi kokwana mzere wanga, ngati ndaimba, kenako ndi mawu okalamba aja:

"Ili pansi, ili pansi, sinafe."

Kudikiranso. Mpata wanga. "Ili pansi, ili pansi, sinafe." Katatu. Thupi langa lonse linaidziwa, tsitsi linaima, pakamwa ndinatsegula. Mpweya wokha.

Ndinati nanga mbali yangayo? Anati, "Yako sindinasunge. Amayi atamwalira unati woyambitsa ndi iwe, ife tizingovomera. Ndikayamba kuiimba unkandiletsa, wati ndikuononga. Ndinaisiya. Zaka makumi asanu."

Ndiye ndi iwowo. Wachiwiri amene ndinamutseka pakamwa.

Anabwerera ku makala awo. Ndinadzuka. Ndili pa msewu anandiitana, osati achimwene, dzina lenileni ngati kale. "Iwe Onesimo. Loweruka ndibwera, chifukwa cha mwana, osati iwe. Ndipo wakuba amene unkamuopa anali m'nyumba mwako. Ida ankaimba mbali yako pochapa, iwe ukachoka. Tsiku lililonse lochapa. Funsa amene ankamutungira madzi."

Amene ankamutungira madzi anali Sophie, ali ndi zaka khumi.

Lachisanu, 30 Ogasiti

Mphepo. Mapilitsi ndamwa.

Fulashi ili m'khosi, ikundikanda. Mawa anthu a ku Chilomoni, a Obed, Bangwe yense. Ndaganiza zonena zoona: ndifike pa ng'oma, ndiime, ndinene kuti abale, apa panali nyimbo, ndinaibisa mpaka ndadzibisira ndekha. Achemwali avomere pa mpata. Aseke amene aseke. Dzira palibe agule.

Sophie wabwera. Sindinamuuze. Anati mawu anaiwala, ndimufunsa chiyani? Ndipo ine kufunsa mdzukulu nyimbo yanga? Watenga shati, sopo, ndowa ya tonse ija, wapita kuseri. Ndikumva madzi. Ndikumva shati pa mwala, pha, pha.

Akung'ung'udza.

Sakudziwa kuti akung'ung'udza. Amakwera, amatsika, nkusiya mpata. Mpata wokwana "ili pansi, ili pansi, sinafe." Wayambanso.

Onesimo, kamodzi kokha m'moyo wako, tseka pakamwa. Ika cholembera pansi, usatsokomole, mwana angasi—